Mankhwala opha ululu sachiza nkhawa

Ambiri mwa ife a m'makalabu a achinyamata tinasamalapo wodwala kunyumba. Ena tinasamala mayi, ena malume, ena agogo amene khansa inawagoneka pamphasa kwa miyezi yambiri. Amene anaona zimenezi akulidziwa botolo lija limene achipatala amapereka ululu ukafika povuta: mofini wamadzi, amene amamuyeza ndi sirinji yopanda singano n'kumwetsa wodwala maola anayi alionse. Munthu amene amabuula usiku wonse amayamba kugona, kumwa phala ngakhalenso kucheza ndi alendo obwera kudzamuzonda.

Tsono tiyerekeze mnyamata wa fomu 4 amene akusamala mayi ake. Mayeso ayandikira, fizi sanamalize kulipira, azing'ono ake akuyang'ana kwa iye. Usiku tulo sakupeza, mtima ukungogunda, maganizo akungozungulira malo amodzi. Akayang'ana pawindo akuona botolo lija, ndipo mumtima akudzifunsa kuti, "Ngati mankhwalawa akugonetsa amayi, kodi ine sangandithandize?"

Funso limeneli si lachibwana, ndipo anthu ambiri padziko lapansi akhala akudzifunsa. Nkhani yathu ikuyankha funsoli pogwiritsa ntchito zimene akatswiri ofufuza apeza.

Kodi mankhwala amenewa ndi ati?

Mankhwala opha ululu ali m'magulu osiyanasiyana. Panado, asipilini ndi bulufeni, amene timagula m'magolosale, ndi a ululu wocheperako. Koma pali gulu lina lamphamvu limene achipatala amalitcha ma opioid. M'gulu limeneli muli mofini, codeine, tramadol, pethidine, oxycodone ndi fentanyl. Ena mwa mankhwalawa amapangidwa kuchokera ku utomoni wa duwa lotchedwa poppy, ena amapangidwa ndi akatswiri motengera mphamvu ya utomoniwo. Heroin, amene ndi mankhwala ozunguza bongo, ndi wa banja lomweli.

Mofini anapezedwa cha m'ma 1805 ndi mnyamata wa ku Germany dzina lake Friedrich Sertürner, amene ankaphunzira ntchito yosakaniza mankhwala. Anamutcha dzinali potengera Morpheus, mulungu wa maloto wa Agiriki akale, chifukwa anaona kuti amagonetsa. M'chaka cha 1986, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa ndondomeko yothandizira odwala khansa, imene imakhala ngati makwerero a masitepe atatu: kuyamba ndi mankhwala ngati panado, ululu ukapitirira kupita pa codeine ndi anzake, ndipo ukafika povuta kwambiri kupereka mofini. Ndondomeko yomweyi yakhala ikuthandizanso odwala matenda obwera chifukwa cha Edzi.

Nanga matenda a nkhawa ndi kukhumudwa ndi otani?

Tonsefe timada nkhawa mayeso akayandikira, ndipo timakhumudwa m'bale wathu akamwalira. Zimenezi ndi zachibadwa. Koma pali nthawi imene nkhawa imakhazikika osachoka ngakhale palibe choopsa chimene chikuoneka. Munthu amasowa tulo, mtima umathamanga, amatuluka thukuta m'manja, amaopa kupita pagulu, mwina amagwidwa ndi mantha aakulu mwadzidzidzi ngati akufa. Wina amakhumudwa kwa masabata ambiri, sasangalalanso ndi mpira kapena kwaya imene ankaikonda, safuna kudya ndipo amadziona ngati wachabechabe.

Madokotala akale ankawaika mavuto amenewa m'gulu limodzi limene ankalitcha neurosis. Masiku ano amakonda kutchula vuto lililonse ndi dzina lake. Chofunika kudziwa n'chakuti amenewa si misala. Munthu amadziwa bwino zimene akuchita, amapita kusukulu kapena kumunda, koma mkati akuvutika. Si ulesi, si kulodzedwa, ndipo ndi matenda ochizika.

Zimene ofufuza apeza

Kafukufuku wambiri pa nkhaniyi wachitikira ku America, ndipo pali chifukwa chake. M'chaka cha 1996, kampani ya Purdue Pharma inayamba kugulitsa mapilitsi otchedwa OxyContin, ikuuza madokotala kuti chiopsezo choti munthu awazolowere ndi chochepa. Madokotala anayamba kulembera anthu ma opioid pa ululu wa msana, wa mawondo ndi wa mano, nthawi zina kwa miyezi ndi zaka. M'chaka cha 2007 kampaniyi inavomera m'khoti kuti inasocheretsa anthu, ndipo inalipira ndalama zoposa madola 600 miliyoni. Koma moto unali utafalikira kale. M'chaka cha 2021 chokha, anthu oposa 80,000 anamwalira ku America chifukwa chomwa kapena kudzibaya ma opioid mopitirira muyezo.

Popeza anthu omwa mankhwalawa anali ochuluka chotere, ofufuza anatha kuwatsatira kwa zaka zambiri n'kuona zimene zimawachitikira m'maganizo.

Jeffrey Scherrer ndi anzake a pa yunivesite ya Saint Louis anaunika zolembedwa za kuchipatala za asilikali opuma pantchito pafupifupi 50,000, onse amene analibe matenda a kukhumudwa poyamba. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa m'chaka cha 2014, zinaonetsa kuti amene anamwa ma opioid kwa masiku 90 mpaka 180 anali pa chiopsezo chokulirapo choyamba matendawa poyerekeza ndi amene anamwa kwa nthawi yochepa. Kwa amene anapitirira masiku 180, chiopsezocho chinakwera ndi theka. M'chaka cha 2016 gulu lomweli linabwereza kafukufukuyu pa odwala oposa 100,000 a m'zipatala za mabungwe atatu. Linapezanso kuti amene anamwa kupitirira masiku 30 ndi amene ankayamba kukhumudwa kwambiri, ndipo chimene chinkaoneka kuti chikukweza chiopsezo chinali kutalika kwa nthawi imene munthu wamwa.

Ofufuza ena anaiyang'ana nkhaniyi kuchokera mbali inayo. M'chaka cha 2017, Matthew Davis wa pa yunivesite ya Michigan ndi anzake anapeza kuti akuluakulu 16 mwa 100 alionse ku America anali ndi matenda a nkhawa kapena kukhumudwa, koma kagulu kameneka kankalandira kupitirira theka la ma opioid onse amene madokotala ankalemba. Izi zikutanthauza kuti anthu amene maganizo awo anali ovutika kale ndi amene ankalandira kwambiri mankhwala amene akhoza kuwonjezera vutolo.

Apa wina akhoza kufunsa kuti, "Kodi si ululu womwewo umene umakhumudwitsa munthu, osati mankhwala?" Funsoli ndi lanzeru, ndipo ofufuza nawonso amalifunsa, chifukwa n'zoona kuti ululu wosatha umafooketsa mtima. Pofuna kulekanitsa zinthu ziwirizi, akatswiri a bungwe la boma la America lofufuza za umoyo, pamodzi ndi mnzawo wa ku yunivesite ya Bristol ku Britain, anaunika majini, ndiko kuti zimene munthu amatengera kwa makolo, za anthu zikwi mazanamazana. Zotsatira zawo za m'chaka cha 2021 zinasonyeza kuti njirayi imayenda mbali zonse ziwiri: kumwa ma opioid kukhoza kuwonjezera chiopsezo cha kukhumudwa ndi nkhawa, ndipo kukhumudwa kukhoza kuwonjezera mpata woti munthu ayambe kumwa ma opioid.

N'chifukwa chiyani zimachitika chonchi?

Thupi lathu limapanga lokha timadzi topha ululu totchedwa ma endorphin. Ndi timene timatipangitsa kumva kupepuka tikathamanga, tikavina kapena tikaseka ndi anzathu. Ma opioid amakakhala pamalo omwewo mu ubongo ndi m'fupa la msana pamene timadziti timagwira ntchito, koma ndi mphamvu zochuluka. N'chifukwa chake kuwonjezera pa kupha ululu, amabweretsa kafundidwe kena m'thupi, ndipo nkhawa imakhala ngati yazima kwa maola angapo.

Akuluakulu anati pakadafunda padajiwitsa galu. Munthu akamamwa mankhwalawa tsiku ndi tsiku, ubongo umazolowera ndipo umayamba kusamva mphamvu yawo ngati poyamba. Pilitsi limodzi limene linkakwanira silikwaniranso. Zinthu zimene zinkamusangalatsa, monga chakudya chabwino, nyimbo ndi macheza, zimayamba kuzizira. Kumwa kwa nthawi yaitali kumasokonezanso tulo ndi kuchepetsa mahomoni ena a m'thupi, zimene zimabweretsa kufooka.

Ndiye mphamvu ya mankhwala ikamatha m'thupi, chibaba chimayamba: thukuta, mphuno kuchucha, kutsekula m'mimba, kuphwanya m'thupi, kusowa tulo ndi nkhawa yoposa ija ya poyamba. Munthu amamwanso kuti apeze mtendere, ndipo mtenderewo umafupikirafupikira. Bungwe la CDC la ku America linapeza m'chaka cha 2017 kuti mwa anthu amene ulendo woyamba anamwa ma opioid kupitirira mwezi umodzi, pafupifupi atatu mwa khumi alionse anali akumwabe patatha chaka.

Choopsa china n'chakuti ma opioid amachedwetsa kupuma. Akaphatikizidwa ndi mowa kapena mapilitsi ogonetsa, munthu akhoza kugona osadzukanso.

Zikukhudzana bwanji ndi HIV?

M'chigawo cha Indiana ku America muli tauni yaing'ono yotchedwa Austin, ya anthu pafupifupi 4,200. Kale m'boma lonse limene muli tauniyi munkapezeka anthu osakwana asanu pachaka otenga kachirombo ka HIV. Koma anthu ena kumeneko anayamba kusungunula mapilitsi opha ululu otchedwa Opana n'kumadzibaya, akubwerekana masingano. Pofika kumapeto kwa chaka cha 2015, anthu oposa 180 anali atapezeka ndi kachiromboka, ndipo ambiri mwa iwo analinso ndi matenda a chiwindi a hepatitis C. Mankhwala amene anapangidwa kuti athandize odwala anasanduka njira yofalitsira HIV.

Kuno kwathu kachiromboka kamafala kwambiri kudzera m'kugonana, koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pali njira zitatu zimene nkhaniyi ikutikhudzira.

Choyamba, munthu amene waledzera ndi mankhwala saganiza bwino. Amene analonjeza kudziletsa amaiwala lonjezo lake, amene ananyamula kondomu saikumbukira, ndipo mtsikana amene wagona tulo ta mankhwala sangathe kudziteteza kwa womugwirira. Chibaba chikakula, ena amafika pogonana ndi anthu kuti apeze ndalama zogulira mankhwalawo.

Chachiwiri, anzathu amene ali ndi kachirombo ka HIV amavutika ndi kukhumudwa ndi nkhawa kawirikawiri kuposa anthu ena, makamaka chifukwa cha kusalidwa, kuopa kuulula ndi kutaya makolo. Ambiri amakhalanso ndi ululu wokhalitsa, monga kutentha ndi dzanzi la kumapazi kapena ululu umene umatsala munthu akadwala mashingozi. Choncho ali pakati pa ululu ndi nkhawa, pamalo pamene kafukufuku uja akutichenjeza.

Chachitatu, kafukufuku wa m'mayiko ambiri wasonyeza kuti munthu wokhumudwa amaphonya kumwa ma ARV kawirikawiri. Tikudziwa tonse kuti ma ARV akamamwedwa modumphadumpha, kachirombo kamachulukanso m'magazi ndipo kakhoza kuyamba kusamva mankhwala. Komanso mankhwala ena sagwirizana. Ritonavir, amene amapezeka m'ma ARV ena, amachulukitsa mphamvu ya oxycodone ndi fentanyl m'magazi. Rifampicin wa TB amachepetsa mphamvu ya ma opioid ena. Tramadol akaphatikizidwa ndi amitriptyline, amene achipatala amapereka pa dzanzi la kumapazi ndi pa kukhumudwa, akhoza kuyambitsa kukomoka ngati khunyu. Munthu wogula mapilitsi kumsika sangazidziwe zimenezi.

Tisaiwalenso kuti ma opioid sabwera ngati mapilitsi okha. Mankhwala ena a chifuwa amadzi amakhala ndi codeine, ndipo codeine akafika m'chiwindi amasanduka mofini. Ku Zimbabwe achinyamata ambiri akodwa ndi mankhwala a chifuwa otchedwa BronCleer, amene iwo amawatcha bronco. Ku Nigeria, boma linaletsa kupanga ndi kuitanitsa mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine m'chaka cha 2018, wailesi ya BBC itaonetsa mmene achinyamata ankawamwera ngati zakumwa zoziziritsa kukhosi.

Kodi ndiye tiziopa mofini?

Ayi, ndipo apa tikufuna timvetsetsane bwino. Vuto la America linali kuchuluka kwa mankhwalawa. Vuto la mayiko ambiri a mu Africa ndi kusowa kwake. Lipoti la akatswiri limene magazini ya zachipatala ya The Lancet inatulutsa m'chaka cha 2017 linaonetsa kuti theka la anthu a padziko lapansi, amene ali m'mayiko osauka, amalandira gawo losakwana limodzi mwa magawo 100 a mofini ndi mankhwala ofanana naye. Anthu ambiri amwalira akulira ndi ululu umene ukanatha ndi mankhwala otsika mtengo.

M'dziko muno, malo ngati Tiyanjane ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Ndi Moyo ku Salima akhala akuthandiza odwala khansa ndi matenda ena aakulu kuti asazunzike ndi ululu. Wodwala amene akulandira mofini kuchokera kwa achipatala, pa muyezo wake ndi pa nthawi yake, sakuchita cholakwika. Si chidakwa cha mankhwala, ndipo kupatsidwa mofini sikutanthauza kuti achipatala amutaya. Tikamva mphekesera zoti mofini amapha msanga wodwala, tizifotokozera abale kuti akaperekedwa moyenera amathandiza munthu kudya, kugona ndi kucheza ndi ana ake.

Chimene kafukufuku uja akutiphunzitsa n'chakuti mankhwalawa ali ndi ntchito yawo, ndipo nkhawa si ntchito yawo. Akutiphunzitsanso kuti aliyense amene akumwa ma opioid kwa nthawi yaitali afunika kufunsidwa za mumtima mwake, osati za pamene pakupweteka pokha.

Nanga nkhawa tizitani nayo?

Tibwerere kwa mnyamata wa fomu 4 uja. Chimene chikumusowetsa tulo si ululu wa m'thupi ayi, koma katundu amene wasenza yekha. Mutu umodzi susenza denga.

Ku Harare, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench. Amayi achikulire a m'dera amaphunzitsidwa kumvetsera, ndipo amakhala pa benchi panja pa chipatala. Munthu wovutika maganizo amakhala nawo, kufotokoza mavuto ake, kusankha limodzi loti ayambe nalo ndi kupangana zoti achite sabata imeneyo. Kafukufuku wa m'chaka cha 2016 pa anthu 573, amene ena mwa iwo anali ndi HIV, anapeza kuti patatha miyezi isanu ndi umodzi, anthu 14 okha mwa 100 alionse amene anakhala pa benchi anali akadali ndi zizindikiro za kukhumudwa, pamene mwa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse anali 50 mwa 100.

Kalabu yathu si chipatala, komabe ikhoza kukhala poyambira. Tikaona mnzathu wasiya kubwera kumisonkhano, wayamba kudzipatula, akuwodzera masana kapena akufunsafunsa za mapilitsi, tisamuseke. Timufunse patokha, timumvetsere, kenaka timuperekeze kwa mlangizi wa kalabu, kwa phungu kapena kuchipatala chimene tili nacho pafupi. Kumeneko akhoza kulandira uphungu, mankhwala oyenera a matendawa ngati akufunika, kapena kutumizidwa ku zipatala za matenda a maganizo monga cha Zomba ndi cha St John of God ku Mzuzu. Mnzathu akanena zofuna kudzipha, tisamusiye yekha ndipo tiuze munthu wamkulu tsiku lomwelo, ngakhale atatipempha kuti tisunge chinsinsi.

Zoti tizikumbukira

Tisamwe mankhwala amene analembera munthu wina, ngakhale atakhala mayi athu.

Ngati m'nyumba muli mofini kapena tramadol wa wodwala, tisunge pamalo otsekedwa, kutali ndi ana. Wodwala akachira kapena akatisiya, otsalawo tibweze kuchipatala.

Tisagule mapilitsi opha ululu amphamvu kapena mankhwala a chifuwa kwa ogulitsa m'misika ndi m'madepoti.

Dokotala akatilembera ma opioid, timuuze ngati tikumwa ma ARV, mankhwala a TB kapena ena alionse, komanso ngati takhala tikuvutika ndi nkhawa kapena kukhumudwa. Timufunse kuti timwa masiku angati. Safunsa anadya phula.

Tisaphatikize mankhwalawa ndi mowa.

Amene wamwa kwa nthawi yaitali asasiye mwadzidzidzi payekha. Achipatala amathandiza kuchepetsa muyezo pang'onopang'ono.

Tikapeza munthu amene wamwa mankhwalawa sakudzuka, akupuma mochedwa kwambiri kapena milomo yasintha mtundu, timugoneke cham'mbali ndi kuthamangira naye kuchipatala, titanyamula botolo kapena pepala la mapilitsi amene wamwa. Pali mankhwala otchedwa naloxone amene amabweza mphamvu ya ma opioid ngati munthu wafika msanga.

Mafunso okambirana pa kalabu

Kodi m'dera lathu achinyamata amachita chiyani akasowa tulo chifukwa cha maganizo? Ndi ziti mwa njira zimenezi zimene zimathandiza, ndipo ndi ziti zimene zimawonjezera vuto?

Mukanakhala mnzake wa mnyamata wa fomu 4 uja, ndipo wakuuzani kuti analawako mankhwala a mayi ake kawiri, mukanamuyankha chiyani? Mukanapita naye kwa ndani?

N'chifukwa chiyani anyamata ambiri zimawavuta kunena kuti ali ndi nkhawa? Kalabu yathu ingachite chiyani kuti azimasuka?

Konzani sewero lalifupi loonetsa banja limene likukana kuti wodwala wawo amwe mofini chifukwa cha mphekesera, ndi mmene membala wa kalabu angawafotokozere mwaulemu. Mukalichita pamsonkhano wa m'mudzi, muitane mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti adzayankhe mafunso a anthu.